Magitala M'chigafa cha Fodya

Chaka chimene amuna anga anabwerera ku Joni kachiwiri, nyumba yathu ya ku Kandeu inandikulira. Ana anali kusukulu yogonera konko. Ndinkadya ndekha, oyankhula nawo nkhuku basi.

Tsiku lina kunatulukira mwana wa malemu mkulu wanga, mtsikana wosamva zomuuza kuyambira ali wamng'ono, gitala yamagetsi ili kumsana. Pambuyo pake anzake atatu akukankha jenereta pa wilibala.

"Amayi, tibwerekeni chigafa cha fodya chija, si chikungokhala? Kwathu atithamangitsa, akuti tikusokosa."

"Nanga ineyo ndilibe makutu?"

"Inu mumatikonda," anatero uku akutsitsa kale katundu.

Nyimbo zawozo ankati ndi roko. Poyamba ndinkangomva ngati malata akugwa padenga. Koma woimba ng'oma wawo ankamenya motsatira mmene amuna akwathu amapondera pansi povina gule wa ngoma, ndipo posakhalitsa ndinayamba kumasankhira nyemba pakhomo pa chigafacho. Ndikati, "Apa mwathamanga," ankaseka, koma ankabwereza ndithu.

Anaimba koyamba pagulu tsiku la msika, masana dzuwa likuswa mtengo, atakwera pa lole ya mbatatesi. Nyimbo ili mkati, mwana uja analumphira pansi, chingwe cha gitala chikukwekwereka pambuyo, n'kulowa pakati pa anthu akuimbabe. Fumbi linangoti koboo. Bambo wina wa imvi anagoneka njinga yake pansi n'kuyamba kuponda. Ine ndinaima kumbuyo kwenikweni, dengu pamutu, misozi ikungotsika.

Mbiri yawo inafika ku Lilongwe, ndipo mvula isanagwe ananyamuka.

"Tiyeni tonse, amayi, mukaoneko magetsi."

"Munda ndisiyire ndani, mwanawe?"

Miyezi yoyambirira ankandiimbira foni kawirikawiri, kenako mwa apo ndi apo. Sindinamuimbe mlandu. Koma madzulo akamayandikira, nthawi imene ankalizira jenereta, ndinkasowa chogwira.

Tsiku lina ndili m'golosale, nyimbo yawo inamveka pa wailesi ya wogulitsa. Ndinaidziwa isanafike n'komwe pa mawu. Ndinagwira mkono wa mayi wina wachilendo amene anali pafupi nane.

"Akuimbayo ndi mwana wanga," ndinatero.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi anga, n'kumwetulira mwaulemu, kenako anauza wogulitsa kuti ampatse sopo. Ndinatuluka, n'kuima pafupi ndi zenera mpaka nyimbo inatha. Kenako ndinauyamba wa kunyumba, mchere umene ndinapitira nditauiwala.