Bowo lachitatu la Lameki

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene anandiphwanyira msilikali wanga. Ndakalamba tsopano, koma ndikakumbukira mtima umandiwawabe.

Kwathu ku Kapelula, fodya akapita ku msika, chigafa chinkatsala chopanda kanthu, chikununkhabe masamba ouma. M'menemo ndimo anyamata tinkasewera nkhondo yapansi. Tinkalemba mizere m'fumbi, aliyense n'kubwera ndi msilikali wake wadothi. Wanga ndinamuumba ndi dothi lapachulu, n'kumuwotcha m'phulusa lamoto. Dzina lake anali Kamzati. Anakhala moyo miyezi iwiri, kuposa wa wina aliyense.

Woweruza anali msuweni wanga Yohane, wamkulu pa tonsefe. Iye ndiye ankatiuza komwe tafika ndi chomwe chatigwera: mtsinje wosefukira, mkango, adani paphiri. Tinkaponya njere zinayi za chimanga zodetsedwa mbali imodzi ndi makala. Zakuda zikachuluka, ndiye kuti walasa.

Malamulo anali ochepa. Msilikali ali ndi manja awiri, choncho mabowo oikamo zida akhale awiri basi. Munga unali mkondo, khoko la mtedza chishango. Uta, womwe unali kaudzu kopinda, unkafuna manja onse awiri. Ukafuna kusintha chida, nthawi yako yoponya njere inkakudutsa. Ndipo msilikali wofa ankapondedwa ndi chidendene, onse akuona.

Tsiku lina Lameki, mwana wa kapitawo wa pa esiteti, anabwera ndi msilikali wa mabowo atatu. Lachitatulo analiboola pakamwa n'kuikapo uta, manja atagwira kale mkondo ndi chishango. Anati wakeyo amakoka uta ndi mano. Yohane anaseka, akutafuna nzimbe yomwe Lameki anamubweretsera, ndipo analola. Tsiku limenelo Lameki anali mbali yanga. Tinawatha anzathu onse, ine n'kuvina mpaka fumbi kobo.

M'mawa mwake tinagawana mbali mwatsopano, Lameki n'kukhala mdani wanga. Kamzati anali ndi uta pamene wa Lameki ankayandikira. Ndinatsata lamulo: ndinatula uta, ndinatenga mkondo ndi chishango, nthawi yanga n'kundidutsa. Lameki analasa ndi uta, kenako anabaya ndi mkondo, osatula kanthu. Kamzati anagwa.

Ndinakuwa kuti kumeneko n'kubera, kuti palibe munthu wa manja atatu. Yohane anangoti njere zagamula. Anzanga omwe tinawagonjetsa dzulo lake sanandiikire kumbuyo. Lameki anaponda pang'onopang'ono, akuzungulitsa chidendene, mpaka Kamzati anasanduka ufa.

Ndinathamangira kwa bambo, omwe ankamanga mikangala yoyanikapo fodya kuseri kwa nyumba. Ndinkayembekeza kuti akamudzudzula Yohane. Anamvetsera zonse osasiya ntchito.

"Bowo lachitatulo unaliona liti?" anandifunsa.

"Dzulo, bambo."

"Dzulolo unanena chiyani?"

Anandipatsa luzi kuti ndiwathandize kumanga, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndinawakwiyira sabata yathunthu. Yohane ndi Lameki ndimawakwiyirabe, ngakhale onse anagona kale.

Zaka za makuponi a feteleza zitafika, anthu anandisankha mu komiti yolemba mayina. Pamndandanda ndinapeza dzina la mphwanga litalembedwa kawiri, pamene mayi wina wamasiye sanalembedwe n'komwe. Anzanga mu komiti anandinong'oneza kuti ndisiye, poti thumba linalo likanalowa pakhomo pathu pomwe. Ndinaimirira pamsonkhano tsiku lomwelo n'kufufuta dzina lobwerezalo anthu akuona. Mphwangayo mpaka lero sandipatsa moni. Asiye.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti Kamzati sanafe tsiku lomwe Lameki anamuponda. Anafa dzulo lake, ine mwini wake ndikuvina.