Mphindi Imodzi ndi Theka ya Marjory Kasoma

Marjory Kasoma ndinamudziwa m'chaka cha 1977, pa koleji ina ya mu Lusaka pomwe tonse tinkaphunzira luso lojambula. M'kalasi mwathu tinalimo khumi ndi anayi, mkazi anali iye yekha. Ankakhala ku Matero ndi mayi ake, a Mainess, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Bambo ake, Mbemba wa ku Mufulira amene ankayendetsa galimoto za katundu, anamwalira Marjory ali ku sekondale. A Mainess kwawo kunali ku Katete, koma anali atatha zaka makumi awiri ku Matero akugulitsa kapenta ndi tomato pamsika.

Ine ndine Whyson, ndinakulira ku Kalingalinga. Pensulo ndinkaigwira bwino ndithu, koma dzanja la Marjory linali lina. Ife tikajambula munthu, ankaoneka ngati tamuimika kukhoma n'kumuuza kuti asapume. Munthu wa Marjory ankaoneka kuti ali ndi kopita, ndipo wachedwa kale.

M'chaka chathu chachiwiri, mphunzitsi wathu, ba Chilekwa, anatulutsa m'kabati kamera yakale ya filimu imene mzungu wina anaisiya pobwerera kwawo. Ba Chilekwa anali atapitako kunja miyezi isanu ndi umodzi, ndipo sankalola kuti tiiwale zimenezo. Anatifotokozera kuti chojambula pamanja chikhoza kuyenda ngati munthu wamoyo. Umajambula chithunzi, kenako china chosiyana pang'ono chabe, kenako chinanso, zithunzi khumi ndi ziwiri pa sekondi iliyonse. Kamera imatenga chimodzichimodzi, ndipo filimuyo ikamazungulira maso amanamizika. Ntchito yathu ya mayeso inali yoti aliyense apange theka la mphindi.

Ambirife tinasankha zosavuta. Wina anajambula mpira ukudumpha, wina mbendera ikuuluzika, ine basi ikudutsa pamlatho. Marjory anati nkhani yake singakwane mu theka la mphindi, akufuna mphindi imodzi ndi theka. Ba Chilekwa anaseka, namufunsa ngati akudziwa kuti zimenezo ndi zithunzi zoposa chikwi. Iye anati wawerengera kale.

Nkhani yake inali ya pamzere. Zaka zimenezo zinthu zinkasowa m'masitolo. Mphekesera ikangomveka kuti kwabwera saladi, mafuta ophikira aja, kapena sopo, anthu ankasiya zonse n'kuthamanga, n'kukaima padzuwa mpaka madzulo, anyamata a chipani akuwongola mzere ndi zikoti. Marjory anafuna kujambula mayi mmodzi wobwera ndi chigubu chake, kuima kumapeto, kusuntha pang'onopang'ono, kutopa n'kukhala pachigubupo anthu akumudumpha, kudzukanso, kufika pakhomo la sitolo, chitseko n'kutsekedwa pamaso pake.

Tebulo lokhala ndi galasi ndi nyali kunsi, loonetsa chithunzi chapansi kudzera pa pepala lapamwamba, pakoleji linalipo limodzi lokha, ndipo anyamatafe tinkalimbirana. Marjory sanavutike nafe. Anakhoma misomali iwiri pakathabwa, n'kumaboola mapepala ake kuti azilowa m'misomalimo osasuntha, n'kukamangirira kathabwako pawindo la kwawo loyang'ana kum'mawa. Ankajambula chilili kuyambira dzuwa likatuluka mpaka nthawi yokwera basi. Mapepala a kukoleji atatha, anapempha opyapyala aja a pa makina otaipira kwa msuweni wake wa muofesi. Phewa lake lakumanja linatupa, ankabwera m'kalasi akununkha mankhwala opaka.

Chimene chinamuvuta kwambiri chinali kayendedwe ka mayiyo. A Mainess anagwerapo m'ngalande nthawi ya mvula, chiuno chawo osabwereranso m'malo mwake. Ankayenda motaya mwendo wakumanzere kumbali, phewa likugwera pansi. Marjory ankafuna kayendedwe kameneko. Atajambula koyamba n'kuphethula mapepala ndi chala kuti aone, mayiyo ankaoneka ngati akuvina. Kachiwiri ankaoneka ngati waledzera. Anang'amba zithunzi za masabata awiri.

Kenako anayamba kupempha mayi ake kuti aziyenda pabwalo, kuchoka pampopi kukafika pachipata n'kubwerera, iye atakhala pansi akuyang'ana. A Mainess ankadandaula kuti akuwayang'ana ngati nkhuku yogulitsa, komabe ankayenda, mwina akuseka, chifukwa mwana wawo anali wa kukoleji ndipo pamsika onse ankadziwa. Tsiku lina Marjory anafika m'kalasi maso ali gwa, n'kundikokera pawindo.

“Whyson, sivili mu mwendo,” anatero. “Vili mu kuyembekeza. Akalibe kuponda na mwendo uja, amaima pang'ono, monga afunsa ngati uzavomera.”

Anawonjezera zithunzi zitatu zofanana ndithu pamalo pamenepo. Ataphethula mapepala, ndinaona a Mainess enieni, chonsecho nkhope inali kadontho ndi kamzere chabe.

Kutenga zithunzizo ndi kamera kunkafuna anthu awiri, wina wosintha mapepala, wina wodina. Ine ndinadina za Marjory, masiku asanu ndi anayi. Mafilimu athu anatumizidwa kunja kuti akatsukidwe, ndipo anabwera patatha miyezi inayi. Tinatchinga mawindo a kalasi ndi mabulangete n'kuonera pakhoma. Mpira unadumpha, tinawomba m'manja. Basi yanga inadutsa ngati bokosi lokokedwa ndi chingwe, tinaseka. Ya Marjory itatha tinkangomva makina akulira. Aliyense wa ife anali ndi mayi ake amene anaimapo pamzere wotero. Ba Chilekwa anati tiibwereze. Kenako anaika filimuyo m'chikwama mwawo pamodzi ndi bokosi la zithunzi, nati akukachonga.

Zotsatira zitatuluka, Marjory anakhoza mongopulumukira. Pa pepala lake panalembedwa kuti sanatsate malangizo a kutalika kwa filimu. Wa mpira uja anamuposa.

Titamaliza koleji, ba Chilekwa anandipezera ntchito pa ofesi ina yopanga mafilimu ophunzitsa anthu, komwe iwonso anali mlangizi. Marjory sanapeze ntchito, ankathandiza mayi ake pamsika. Sabata yanga yoyamba, ba Chilekwa anaika patebulo panga bokosi limene ndinalizindikira ndisanalitsegule. Nthawi imeneyo kunali mfuu yoti anthu opanda ntchito m'tauni abwerere kumudzi akalime. Anandiuza kuti adula pamene chitseko chikutsekedwa, ndipo ine ndijambule mathero ena: mayiyo akwere lole, afike kumudzi, agwire khasu, chimanga chimere, iye amwetulire. Ndinafunsa ngati Marjory akudziwa. Anati amuuza okha. Sindinafunsenso. Ndinali ndi tebulo langalanga ndi tayi watsopano, ndipo ndinkaopa kubwerera ku Kalingalinga kukakhala pakhonde. Ndinajambula. Kayendedwe kaja kanandikanika, choncho mayi wanga atatsika lole ankayenda bwinobwino, ngati mpweya wakumudzi wamuchiritsa.

Filimuyo anakaionetsa mu holo ya ku Matero Loweruka lina masana. Amayi a pamsika anauzidwa ndi atsogoleri a chipani kuti apite akadzaze mipando. A Mainess anapita, Marjory anatsala akuyang'anira kapenta. Zimene zinachitika m'holomo anandiuza pambuyo pake ndi mnzanga amene ankayendetsa makina. Mayi wa chigubu atangotulukira pakhoma, mawu a mwamuna amene tinawajambulira pamwamba pake anayamba: “Onani amai awa. Nchito alibe, munda alibe. Tsiku lonse ali pa laini, kulanda vinthu va anthu ogwira nchito.” Mayiyo ataima kaye pang'ono asanaponde ndi mwendo wakumanzere, wina kumbuyo anakuwa kuti amenewo ndi amake Marjory. Holo yonse inafa ndi phwete. Mayi wa pakhoma uja atakhala pachigubu, mawu aja anati onani ulesi. Anthu anatembenuka kufunafuna pamene a Mainess anakhala. Kumapeto kunatuluka dzina la ba Chilekwa m'zilembo zazikulu, langa m'zing'onozing'ono pansi pake. La Marjory panalibe.

A Mainess anabwerera kumsika. Anaima kutsogolo kwa mwana wawo n'kumufunsa motsitsa mawu: “Masiku onse aja wenze kuniyendetsa pabwalo, wenze kufuna vamene ivi?” Marjory sanamvetse chimene akunena. Atauzidwa ndi ena, mawa lake anayenda wapansi mpaka kukomboni ya George, komwe filimuyo inkaonetsedwanso, n'kukaionera yekha ataima kumbuyo.

Lolemba anafika kuofesi kwathu. Sanakuwe. Anafunsa ba Chilekwa kuti anawapatsa ndani chilolezo. Iwo anayankha atakhala, akusewera ndi cholembera, kuti filimu ndi kamera zinali za koleji, choncho chilichonse chotuluka mmenemo si cha wophunzira. Anawonjezera kuti akanaionetsa mmene iye anaipangira, bwenzi pano ali kupolisi akufotokoza chifukwa chimene chitseko cha sitolo ya boma chikutsekedwera pamaso pa mayi wosauka. Anati anamupulumutsa, ndipo tsiku lina adzawathokoza.

Marjory anatembenukira kwa ine.

“Khasu ija ni iwe?”

Ndinavomera. Ndinayamba kufotokoza kuti ndinauzidwa zoti iye adziwitsidwa, koma anali atayang'ana kale kwina. Anapempha bokosi la zithunzi zake. Anamuuza kuti tsopano ndi katundu wa ofesi. Bokosilo linakhala m'chipinda chosungira katundu mpaka denga linadontha, ndipo zotsala ndinaziona alonda akukolezera mbaula m'nyengo yozizira. Ndikanatha kulitulutsa tsiku lililonse pansi pa jekete. Ndinkangoti mawa.

Ku Matero nkhani sinazirale. Filimuyo inazungulira makomboni kwa chaka chathunthu. Ana ankatsatira a Mainess m'njira akutsanzira kayendedwe kawo, kuima pang'ono kuja n'kuponda. Amayi anzawo, ena mwa nthabwala ena mwadala, ankawafunsa kuti lole yawo ibwera liti. A Mainess anasiya kupita pamizere, nyumba inakhala yopanda sopo ndi saladi pokhapokha Marjory akaimako. Kenako anayamba kupita kumsika kusanache kwenikweni kuti asakumane ndi anthu, kenako anasiyiratu. Marjory anawafotokozera kambirimbiri mmene filimu yake inalili poyamba, mpaka anawajambuliranso chitseko chija papepala. Iwo anati akumukhulupirira, mwana wawo sanganame, koma mwendowo anaujambula ndi iye, ndipo palibe wina mu Lusaka akanaujambula motero.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri a Mainess ananyamuka kupita ku Katete, nati kuzizira kwa m'tauni kukuwapweteka chiuno. Kumeneko munda analibe, anakakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo, alamu awo akuwaona ngati mtolo. Marjory anapitako kawiri kukawatenga, anakana. Anamwalira m'chaka cha 1983. Ine ndinamva maliro atapita kale.

Nyumba ya ku Matero inapatsidwa ena, Marjory anasamukira ku Chawama. Anayamba kulemba zikwangwani: mitu ya anthu ometedwa pamalo ometera, mabotolo pamabala, nsapato, nkhuku. Anakwatiwa ndi Chalwe, wowotcherera zitsulo, anabereka ana atatu. Ndinamva kuti bungwe lina la tchalitchi linamufunafuna kuti awapangire filimu ya zithunzi yophunzitsa za katemera, iye anawauza kuti alakwitsa nyumba. Ba Chilekwa anakwezedwa kawiri, napumula pantchito ndi phwando. Ine ndinakhala pa ofesi ija zaka khumi ndi chimodzi, ndikujambula zimbudzi zokumba ndi matumba a feteleza.

Ndinakumana naye komaliza m'chaka cha 1989. Ndinatsika minibasi ku Chawama kukaona wodwala, ndipo ndinamuona pamakwerero kutsogolo kwa butchala, akupenta ng'ombe pakhoma. Anali atanenepa pang'ono, atavala ovolosi ya mwamuna wake, mpango uli kumutu. Ndinaima pansi pake kwa kanthawi ndisanamutchule dzina. Anayang'ana pansi, nandizindikira nthawi yomweyo.

“Ba Whyson. Muli bwanji? Kunyumba bali bwanji?”

Kuyambira tsiku limene tinadziwana sanandiitanepo choncho, ndinali iwe basi. Ndinayankha kuti tili bwino. Ndinali ndi mawu amene ndinawakonza kwa zaka zambiri, koma mwini butchala anatuluka akupukuta manja, nayang'ana khoma, nati ng'ombeyo yaonda, anthu aziganiza kuti amagulitsa nyama ya ng'ombe zodwala. Ng'ombeyo inali yabwino, inali itaima monga imaimira ng'ombe yeniyeni ikamva fungo la madzi. Marjory sanatsutse. Anaviika burashi m'chitini n'kukuza mimba, kukuza ntchafu, kukwirira nthiti, mpaka inasanduka thumba la miyendo inayi. Mwini wake anati tsopano ndiye yakhala ng'ombe.

Ndinamufunsa ngati ndingadzabwere tsiku lina kuti tidzakambirane. Anati masiku ano ntchito yachuluka, ali ndi zikwangwani zitatu zoti amalize isanafike Khirisimasi. Kenako anandipempha mwaulemu kuti ndisunthe pang'ono, penti ingandidonthere pamalaya.