Filimu ya Mtembo kwa aMikidadi

Pa Katete pano amati aMikidadi ndi mfiti. Umboni wake, ati, amaseka maliro. Lachitatu lililonse masana amatseka mazenera kuseri kwa golosale yawo, n'kuonetsa filimu ya mtembo, eni ake akuseka mpaka misozi. Azimayi a pamsika amati kuseka kumeneko n'kwa munthu amene analawapo nyama ya mtembo.

Ine sukulu ndinaisiya aphunzitsi asanaloweze dzina langa, koma mfiti yoonda ngati sipoko ya njinga sindinaionepo.

AMikidadi anabwera kuno ali mwana, pambuyo pa bambo awo, kuchokera ku Malawi. Moyo wawo wonse akhala akugulitsa mchere, sopo ndi palafini, zikapezeka. Mu 1988 anagula vidiyo yoyendera batire ya galimoto. Wogulitsayo anawapatsa matepi a karate, n'kuponyerapo ina ya basela, yopanda ndi chikuto chomwe.

Ya baselayo ndiyo yavuta. Azungu anayi anyamula bokosi, akufuna manda, manda sakupezeka. Ofesi iyi akuti pitani uko, uko akuti bwerani mawa. Akwera nalo basi, kondakitala akuuza bokosilo kuti lisunthe. Potsiriza malemuyo atopa, akankha chivundikiro, n'kufunsa njira yekha. Chilankhulo chake palibe amachimva, ndiye aMikidadi amaima pambali n'kumamasulira za m'mutu mwawo, sabata ino zina, sabata yamawa zina.

Achinyamata anathawira ku vidiyo ya Josephat, komwe anthu a m'mafilimu amamenyana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tinatsala atatu: aDamiano okonza njinga, mayi Ottilia a zitumbuwa, ndi ine wopanda chochita. Tikakumana pamsewu sitipatsana moni. Timangofunsana ngati malemu uja, "Akulu, kumanda n'kuti?"

Koma akazi a aMikidadi, mayi Hadija, sakuseka. "Bambo a Sharifa," anatero tsiku lina ife tikumva, "anthu akuopa ngakhale mchere wathu. Sankhani, tepiyo kapena golosale."

Chimene a pamsika anaiwala ndi ichi. Mkulu wawo wa aMikidadi, aAbudala, anamwalirira ku Lusaka. Kwa Asilamu maliro sachedwetsa, ndiye aMikidadi anapempha malo a iwo ndi mtembowo pa lole yobwerera kuno. Atadutsa Nyimba dizilo anatha. Dalaivala anatenga chigubu n'kuzimirira. AMikidadi anatsala pamsewu ndi mkulu wawo m'nsalu yoyera, akuingitsa ntchentche ndi nthambi, akuimitsa galimoto zosaima. Pofika kuno manda anali atadzaza madzi a mvula, achibale akunong'ona kuti anachedwa dala. Kuyambira pamenepo munthuyo sanasekenso, mpaka tsiku limene malemu a mufilimu anafunsa njira.

Lachitatu lapitali ndinawapeza atakhala pa thumba la mchere losatsegula, tepi ili m'manja. M'golosale munalibe wogula ndi mmodzi yemwe.

"Achimwene," ndinatero, "mayi akunena zoona. Tauni yonse ikuti ndinu mfiti youluka pa lichero. Bwanji tingoonera karate ngati anthu?"

Anandiyang'ana motopa, anapukuta tepiyo ndi malaya, n'kuilowetsa m'makina.

"Ndikanakhala ndi lichero, mkulu wanga akanagona m'manda tsiku lomwelo. Khalani pansi, mukutchinga."