Mkanjo wa Zigamba wa a Mwanenepa

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni, panali telala wina amene dzina lake lenileni ankalidziwa ndi mkazi wake yekha. Ena onse ankangoti a Mwanenepa. Dzinali silinagwe kumwamba. Munthu ukasoketsa thalauzi kwa iwo, pobwera kudzayesa inkathera m'ntchafu. Malaya ankakana kukumana pamimba. Zikatero telalayo ankavula magalasi, n'kukuyang'ana mwachisoni ngati dokotala, n'kunena kuti, "Pepani, koma mwanenepa." Ankatero ngakhale kwa munthu wongotuluka kumene m'chipatala, nthiti zikuwerengeka.

Komabe anthu sankawathawa, chifukwa msoko wawo unali wowongoka ngati njanji ndipo sunkamasuka. Ozolowera ankangotupitsa mimba pa nthawi yoyezedwa. Ena ankabwera atavala majuzi awiri dzuwa likuswa mtengo.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa malemu bambo awo, amene anawasiyira makina opalasa ndi phazi, bokosi lachitsulo lokhoma, ndi tepi yoyezera yansalu, yachikasu ndi ukalamba. A Mwanenepa anagula tepi ina yatsopano yodulira nsalu patebulo, koma poyeza thupi la munthu ankatenga ya bambo awo. Ankati ndi ulemu. Zaka makumi atatu zinatha akusoka mayunifolomu a sukulu, kusintha mazipi ndi kufupikitsa mabuluku, ndipo mtima wawo unali m'malo.

Amene anawasokoneza ndi mwana wawo wachisamba, mtsikana wolandira alendo pa hotela ina yayikulu. Tsiku lina masana anafika pakhondepo ndi pepala m'manja.

"Ababa, kuntchito kwathu kukubwera chiwonetsero cha zovala. Ndakulembetsani kale."

"Wandilembetsa ngati ndani?"

"Ngati katswiri. Mutu wake ndi uwu: zovala zolankhula ndi makolo. Masiku ano akatswiri onse akusoka zochokera ku mizimu ndi ku chikhalidwe chathu."

Anawaonetsa zithunzi pafoni. Mtsikana wina anavala diresi ya nthenga zokhazokha. Wina anasenza chinthu chonga dengu, nkhope yosaoneka. A Mwanenepa anayang'anitsitsa, n'kufunsa kuti, "Makolo a ndani ankavala chonchi? Nanga pokwera basi ankatani?"

"Si zokwerera basi, ababa. Akatswiriwa amati nzeru zimawafikira kumaloto."

Mawu amenewa anawalowa. Mawa lake atadya chamasana anayala nsalu ya kasitomala pansi pa makina, n'kupempha wometa tsitsi kuti azimitse wailesi chifukwa akufuna kukumana ndi makolo. Anagona mpaka kuliza mkonono. Analotadi bambo awo, koma mkuluyo sanatchule za diresi. Anangoima atagwira m'chiuno, n'kunena kuti, "Makina angawa unathira liti mafuta?" Tsiku lachiwiri analota akuthamangitsidwa ndi mbuzi. Lachitatu kasitomala mwini nsalu anawapeza ataigonera, ndipo zolota zinathera pomwepo.

Ndiye anakumbukira bokosi lija. Kiyi wake anali atasowa kalekale, choncho anabwereka nyundo m'sitolo. Chivindikiro chitatseguka, munatuluka fungo lomwe linawayetsemulitsa kasanu. Munali jekete ya bambo awo yothothoka m'zigongono, mipango isanu ndi umodzi ya mayi awo, diresi yaukwati ya mayiwo yomwe njenjete zinadya theka, chitini cha mabatani, ndi mulu wa makiyi a zitseko za nyumba zomwe zinagwa kale. A Mwanenepa anazitulutsa chimodzichimodzi. Kenako anadzimenya pantchafu.

"Makolo anga ankavala zigamba. Ngati akufuna chikhalidwe, chikhalidwe chake n'chimenechi."

Anasoka masabata awiri osalandira zipi ya munthu. Jekete inasanduka msana wa mkanjo, mipango inakhala manja, diresi yaukwati inalowa pachifuwa. M'mphepete monse anasokereramo mabatani ndi makiyi, moti mkanjowo ukangogwedezeka unkalira ngati ng'ombe zikuchokera kudambo.

Mwana wawo anabweretsa mtsikana wodzauvala, wamtali ngati mlongoti, amene ankayenda ngati pansi pamunyansa. A Mwanenepa anali atamuyeza kale bwinobwino. Koma m'mawa wa tsiku lachiwonetsero, m'kachipinda kovalira kuseri kwa holo, mkanjo unakana kudutsa m'mapewa. Anakoka uku, anakoka uko, mtsikanayo mutu uli m'kati akupempha mpweya.

A Mwanenepa anavula magalasi. "Pepani, mayi, koma…"

"Ayi, ababa, lero lokha musanene!" anatero mwana wawo. Analanda matepi awiri aja m'khosi mwawo n'kuwayala pamodzi patebulo. Tepi ya malemu inapitirira inzake ndi chikhatho chathunthu. Inali itatamuka ndi zaka. Munthu inkamuwerenga wochepa, kenako tepi yatsopano inkadula nsalu mokhulupirika motsatira bodzalo.

A Mwanenepa anakhala pansi pang'onopang'ono. Anaganiza za anthu onse amene anasiya shuga ndi mafuta chifukwa cha mawu awo, za mphunzitsi wina amene anayamba kuthamanga m'mawa uliwonse mpaka lero. "Ndiye kuti palibe ananenepa?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

Nthawi yolira panalibe. Pankafunika munthu wochepa thupi, msangamsanga. M'holo monse woyenera anali mmodzi yekha: achemwali aakulu a telalayo, mayi wamfupi, wowuma ngati chikuni, woyambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi, amene anabwera kudzaonerera atanyamula ambulera. M'banja monse munalibe amene ankawayankha kawiri.

"Achemwali, ndithandizeni," anachonderera a Mwanenepa. "Mungoyenda kukafika uko n'kubwerera. Osalankhula."

"Iwe, ine unayamba wandionapo ndili chete?"

Anawaveka mothamanga m'kachipinda kamdima, ndipo mkanjo unawakwana ngati anabadwa nawo. Nyimbo inayamba. Achemwali anakwera pansanja ndi ambulera yawo, makiyi akulira, akuyenda ngati akupita kukatenga ngongole ya mchere kwa mnansi. Atafika pakati, pomwe magetsi ankawala kwambiri, anayang'ana dzanja lamanja la mkanjowo. Anaima nji.

"Uwu si mpango wa amayi uwu?"

Mawu a munthu wa kwaya safuna chokuzira. Holo yonse inamva. Woimba nyimbo anatsitsa nyimbo yake. Kuseri kwa katani a Mwanenepa anayamba kufunafuna khomo lotulukira.

"Mpango uwu ndinaufunafuna zaka khumi ndi ziwiri! Ndinasiya kulankhulana ndi alamu anga chifukwa cha mpango umenewu!" Anatembenuza dzanja lina. "Ndi wobiriwiranso waudula! Uwu amayi ankavala popita kukatitenga kusukulu tikathamangitsidwa. Uwu wamaluwawu anamangira mwendo wako iwe, tsiku lomwe unagwa mumtengo ukuba mapeyala a eni." Analoza kukatani ndi ambulera. "Tuluka! Ndikukuona mapazi!"

A Mwanenepa anatuluka, matepi awiri ali m'khosi, akumwetulira ngati munthu wopondedwa chala pamaso pa apongozi.

Achemwali anagwira pachifuwa, n'kuzindikira diresi yaukwati. Apa mawu anasintha. Anayang'ana kudenga, komwe kunali mafani okhaokha. "Amayi, mukumuona mwana wanu? Munkati adzakhala munthu. Onani wakudulirani diresi." Misozi inayamba kutsika, koma pakamwa sipanatseke. Anatchula kiyi aliyense ndi chitseko chake, batani lililonse ndi malaya ake, mpaka anafika pa jekete ya kumsana, yomwe anazungulira katatu pofuna kuiona. Pomaliza anayambitsa nyimbo yomwe mayi awo ankaimba pochapa, ndipo amayi angapo m'holomo anaipolokozera.

Anthu anaimirira n'kuwomba m'manja. Mkulu wa oweruza, bambo wa magalasi aakulu ngati mawindo, ankapukuta m'maso ndi tayi. Anati pa zaka zonse zomwe wakhala akuweruza, aka kanali koyamba kuona chovala chikulankhuladi ndi makolo, makolowo n'kutsala pang'ono kuyankha. Anafunsa a Mwanenepa kuti anakonzekera nthawi yaitali bwanji.

"Kukalipiridwaku? Kuyambira ndili mwana," anayankha.

Anapatsidwa malo achiwiri. Oyamba anatenga mnyamata wina wa diresi ya nthenga, yomwe inkathothoka panjira yonse. Achemwali anakana kuvula mkanjowo. Anati katundu wa mayi awo wabwerera kwa mwini wake, ndipo anakwera nawo basi anthu akuwapatsa njira. Lamlungu lililonse amauvala kutchalitchi, ndipo kwaya yawo inasiya kugula maseche.

Kuyambira sabata yotsatira, pakhonde paja panayamba kufika anthu a mtundu wina, onyamula mapulasitiki a zovala za abale awo omwe anatisiya. Aliyense ankafuna chigamba cha mayi ake paphewa, kapena thumba la malaya a agogo pamtima. A Mwanenepa anagula benchi, chifukwa anthu oterewa sachoka msanga: chovala chilichonse chimabwera ndi nkhani yake, ndipo telala amayenera kuimva yonse asanagwire sizasi. Masiku ena ankalira limodzi ndi kasitomala, wometa tsitsi n'kumabwereketsa thaulo.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wamasiye, wodekha, wovala bwino. Anatulutsa thalauzi yakuda ya malemu amuna ake, n'kupempha kuti ilowe pa siketi yake yatsopano.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero a Mwanenepa ndi mawu achifundo. "Tiike pati? Cha kutsogoloku, kuti muziwaona?"

"Ayi, bambo. Kumbuyo, pokhalira penipeni."

Telalayo anakweza maso.

"Zaka makumi atatu anandikhalira pamutu bambo amenewo," anatero mayiyo akukonza mpango wake. "Musoke zolimba, ndimakhala pansi kwambiri."

A Mwanenepa anasankha ulusi wokhuthala, n'kubwereza msoko kawiri.