Chilomwe cha Amayi Ndinakachiphunzirira ku Sparkhill

Ndinaganiza zopita kunja kwa dziko tsiku limene ndinalephera kugulira mwana wanga Tadala nsapato za kusukulu, chonsecho ndinali namwino wa zaka zisanu ndi zinayi pantchito. Ndinapita ku Phalombe kukatsanzika. Amayi sanalire. Anangoti, "Pita, koma ukatitumizire malata."

Ku Birmingham ndinapeza chipinda ku Sparkhill, m'nyumba ya Mayi Morag, mkazi wamasiye wochokera ku zilumba za ku Scotland. Ntchito inali ku Wolverhampton. Mashifiti anali ataliatali, ndipo ndikalipira lendi, yotsala inkathamangira kumudzi. Pafoni ndinkati zonse zili bwino. Zoona zake n'zakuti mlungu unkatha osamva munthu akutchula dzina langa molondola.

Lachinayi lililonse kunyumbako kunkabwera azungu asanu, ena a ku Scotland, ena a ku Ireland. Inali komiti yosunga Chigeliki, chinenero cha makolo awo. Ankafuna ndalama zophunzitsira ana nyimbo ndi chinenerocho muholo ya tchalitchi. Popeza ndinkatha kompyuta, Mayi Morag anandipempha kuti ndiziwalembera. Ndinavomera chifukwa chosowa wocheza naye basi.

Anthu aja ankakangana ngati apachibale. Ena ankafuna chikondwerero chachikulu. Mayi Morag ankamenya tebulo. "Chikondwerero chimatha Lamlungu. Ndikufunsa kuti ana adzawaphunzitsa ndani ine nditafa?" Tinapempha ndalama ku bungwe lina lothandiza za chikhalidwe, anatikana. Tinakhalanso pansi, n'kulemba pulani ya zaka zisanu: malipiro a mphunzitsi, mabuku, ndi achinyamata awiri oti adzalowe m'malo. Ulendo wachiwiri anatipatsa, ngakhale sizinali zonse.

Tsiku limenelo anaimba mpaka mawu kusasa. Kenako Mayi Morag anatembenukira kwa ine. "Esinati, tiimbire ya chinenero cha amayi ako."

Ndinayamba ya Chichewa ya kutchalitchi, koma ndinaima pakati. Amayi anga ndi Mlomwe. Ine Chilomwe ndinkangodziwa moni. Tadala, amene panthawiyi anali atabwera kudzakhala nane, ngakhale Chichewa chomwe ankandiyankha m'Chingerezi. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo ngakhale pamaso pa odwala ondinyoza.

Kuyambira pamenepo ndinkatenga mashifiti owonjezera ndi cholinga china. Anzanga a kutchalitchi ku Smethwick ankandiseka. "Iwe, anzako akuseva kuti agule maploti ku Lilongwe, iwe ukuseva za nyimbo?" Mu 2008 ndinabwerera kumudzi, ndili ndi Tadala, ndalama zochepa ndi pulani yotayipa bwino: holo ya zachikhalidwe pa boma.

Lero ndikaiwerenga pulaniyo ndimaseka. Woyamba kuiona anali Bambo Namalima, mphunzitsi wopuma wa m'mudzi mwathu. Anaiwerenga yonse, n'kuvula mandala. "Mayi, holo ndi yabwino. Koma mudzaikamo ndani? Ana akuvina tchopa, koma afunseni tanthauzo la zimene akuimba. Mwayamba mwafunsa amayi anu?"

"Amayi Chilomwe sachidziwa bwino," ndinatero.

Anandiyang'ana. "Kafunseni."

Ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde. Nditafunsa, manja awo anaima. Kenako analankhula Chilomwe, mawu otsetsereka ngati madzi, kwa nthawi ndithu, ine osatolapo kanthu. Zaka makumi anayi ndinali ndisanawamvepo akulankhula chonchi.

"Nanga bwanji simunatiphunzitse?"

"Kusukulu ankatiseka, mwanawe. Ukachilankhula, kalasi yonse kugwa ndi phwete. Ine ndi bambo ako tinagwirizana kuti ana athu asadzasekedwe. Tinkachilankhula inu mukapita kumunda."

Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo. Ndinkaganiza kuti chinenero chathu chikufa chifukwa chosowa ndalama. Sichinali kufa. Chinali m'nyumba mwathu momwemo, chitatsekeredwa ndi anthu amene ankatikonda.

Holo sindinamange. Ndalama zija ndinazigawa kuti zikwane zaka zitatu: malipiro a aphunzitsi awiri, makope, ndi wailesi yojambulira mawu a akuluakulu. Tinabwereka kalasi ya pulayimale Loweruka lililonse. Bambo Namalima amaphunzitsa kulemba. Wophunzitsa kulankhula ndi amayi.

Anakana katatu. Loweruka loyamba anaima kutsogolo kwa ana, n'kupereka moni m'Chilomwe. Mtsikana wina kumbuyo anaseka. Amayi anamuloza chala, n'kunena kuti, "Iwe woseka, bwera kutsogolo kuno. Uyamba ndiwe."