Bi Iroh, Wosoka Mabuku a Nyenyezi ku Palasari

Ine ndine Karna, ndimagulitsa mabuku akale a zamalamulo mumsika wa Palasari, kuno ku Bandung. Benchi langa lagundizana ndi la Bi Iroh kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kuno Bi ndi ngati kunena kuti azakhali, ndipo ine amanditchula Mang, kutanthauza amalume. Ngati pali munthu wodziwa mbiri yawo, komanso amene walalatiridwa nawo kwambiri, ndiye ndine.

Bi Iroh sagulitsa mabuku, amasoka. Anabadwira ku Garut, bambo awo anali telala, ndipo singano anaidziwa asanagwire pensulo. Sukulu analekezera ku pulayimale. Anakwatiwa ndi dalaivala wa minibasi amene anabwera nawo kuno, koma bamboyo anamwalira mwana wawo wamkazi ali ndi zaka zinayi. Apo m'pamene analowa mumsika muno ndi ulusi, guluu ndi kampeni ka bambo awo, n'kuyamba kulumikiza mabuku othothoka masamba.

Za nyenyezi zinayamba ndi mkangano. Chaka china nthawi ya mvula kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Tuti, atanyamula chibuku cha Chingerezi chokhuthala ngati njerwa ziwiri. Chinkafotokoza mmene nyenyezi zimabadwira, kuyaka ndi kufa. Mabuku otere anali ochokera kunja ndipo ankasowa, choncho womaliza maphunziro ankasiyira wa m'munsi mwake. Limeneli linali litatheratu. Ulusi unali utaduka, ndipo chiswe chinali chitadya m'ngodya momwe mumakhala manambala a masamba.

Bi Iroh Chingerezi sachidziwa. Anayala masambawo pathebulo n'kuwasanja potsata zithunzi, mmene zinawakongolera iwowo. Patapita masiku atatu Tuti anabwereranso, ambulera ikudontha, nkhope ili gwaa.

"Bi, mwandichita chiyani? Nyenyezi yanga ikufa koyambirira, kenako ikubadwa kumapeto!"

"Nanga si bwino, Neng? Nkhani ikutha mosangalatsa," anatero Bi Iroh, pomutchula mmene timatchulira atsikana kuno.

Ine ndinaseka mpaka khofi kutayikira pathalauza.

"Inu Mang Karna tsekani pakamwa," anandilozera singano. "Mabuku anuwo ngakhale nditawasoka chadodolido palibe angazindikire."

Komabe manyazi anawagwira. Anadula ulusi wonse, n'kukokera Tuti kabokosi koti akhalire. "Khala apa, undiuze choyamba n'chiti." Mtsikanayo anakhala masana onse, akupereka tsamba limodzilimodzi n'kumafotokoza. Atafika pa chithunzi cha timadontho tamitundu anati, "Zabuluuzi ndiye zotentha kwambiri, Bi. Zofiirazi n'zozizirirapo. Anthu ambiri amaganiza mosemphanitsa."

"Anthu ambiri ake ati? Osaphika? Mbaula yanga ya gasi ikayaka moto wofiira ndimadziwiratu kuti mpunga uchedwa. Wabuluu ndiye moto. Ndiye zaka zinayi zonsezi mukukamva zimenezi?"

Tuti anakhoza mayeso ake, ndipo anayamba kubwera ndi anzake. Posakhalitsa benchi la Bi Iroh linasanduka chipatala cha mabuku onse a ophunzira za kuthambo: la mapulaneti, la milalang'amba, la masamu okhaokha limene Bi ankalitcha "la nyerere". Anaika lamulo. Aliyense wobweretsa buku azifotokoza chithunzi chimodzi asanachoke, ndipo akayamba kuchita chibwibwi ankamuuza kuti, "Iwe sunawerenge. Usanamizire ulusi."

Chinthu chimodzi ankakana kuchita ndicho kudula m'mphepete mwa masamba kuti buku lioneke latsopano. M'mphepetemo ophunzira ankalembamo m'chilankhulo chathu, ndipo izo Bi ankaziwerenga zonse. Pena wina analemba kuti, "Apa sindikumva." Pansi pake dzanja lina, "Inenso." Pansi pakenso lachitatu, "Limbani mtima anzanga, mutu wotsatirawu ndiye woipa." Ankandiwerengera mokweza ndikufuna kapena ndisakufuna. Tsiku lina anandibwereka sizasi, n'kundiuza kuti chitsulo chake chinaphikidwa m'mimba mwa nyenyezi dziko lino lisanakhaleko.

"Ndiye ndiisamale," ndinatero.

"Muinole kaye. Mukuchititsa manyazi nyenyezi."

Zaka zinapita. Tuti anakaphunzira kunja, nabwerera ali mphunzitsi pa yunivesite yomwe ija. Aliyense ankamutchula Bu Tuti, kutanthauza Mayi Tuti, kupatula Bi Iroh amene anakakamira pa Neng. Loweruka lina anafika ndi zitumbuwa zotentha zokulunga m'pepala, n'kukhala pa kabokosi.

"Bi, ndikufuna kulemba buku la nyenyezi m'chilankhulo chathu. Ana akulimbana ndi zinthu ziwiri, Chingerezi ndi sayansi. Koma ndikawafunsa pomwe pakuwavuta, onse amangoti, 'Tamva, Bu.'"

"Amanama," anatero Bi. Anasolola chibuku chija, chimene chinali chitabweranso kudzasokedwa kachisanu, n'kuchiika pathebulo chotseka. "Usatsegule. Yang'ana m'mbalimu. Ukuona mzere wakudawu? Apa ndiye zala zimabwererabwerera. Masamba ake ndawamata kangapo konse, ali ndi mafuta, khofi, ena mpaka misozi. Nanga apa poyera mbee? Palibe amafikapo."

Tuti anatsegula poyerapo n'kuphulika kuseka. "Mutu umenewu ndimaudumpha ndine, Bi. Nthawi imatha."

"Ndiye usaulembe wautali. Mphamvu zako uziike pakudapa."

Pakudapo panali mutu wofotokoza mmene kuwala kumavutikira kutuluka kuchokera pakati pa nyenyezi. Kuyambira tsiku limenelo Tuti ankabwera Loweruka lililonse kudzawerenga zomwe walemba, Bi akusoka. Singano ikaima, ndiye kuti pali mlandu.

"Apa walemba ngati maloya a Mang Karna. Tanena ngati munthu."

"Kuwala kumayenda pang'ono, kugundana ndi kanthu, kubwerera, kugundananso, mpaka zaka zikwizikwi kusanafike kunja."

"Oho! Ngati kudutsa mumsika muno mawa lake kuli Idi. Khomo ukuliona apo, koma uyu wakugunda ndi dengu, uyo wakuponda, wina wakukokera ku benchi lake. Ungofika dzuwa litapendeka."

Tuti analemba zimenezo, ndipo zili m'bukumo mpaka lero. Koma si zonse zimene Bi anapambana. Anafuna kuti masamu onse achotsedwe chifukwa ankaipitsa tsamba. Tuti anakana kwamtuwagalu, ndipo anakhala milungu iwiri osalankhulana bwino. Ine ndiye ndinadya zitumbuwa zonse.

Bukulo linatenga zaka zitatu. Litatuluka, Tuti anabwera nalo yekha n'kutsegula tsamba la zothokoza. Dzina la Bi Iroh linali pamenepo, pakati pa mapulofesa awiri. Bi anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya mpango wawo, ngakhale anali oyera kale. Kenako anapinda msana wa bukulo, n'kulinunkhiza.

"Guluu yekha? Popanda ulusi? Neng, ili silimaliza mvula ziwiri."

"Ndiye ntchito simuisowa, Bi."

Sabata yotsatira Tuti anatitenga tonse awiri pa galimoto yake kupita ku Lembang, kuphiri kumene kuli makina oonera zakuthambo. Tinafika cha m'ma teni m'mawa, chifukwa Bi anali atanenetsa kuti kuzizira kwa kumeneko sakufuna kukumana nako dzuwa kulibe. Tuti analozetsa makina ena aang'ono kudzuwa, atawaphimba ndi galasi lapadera loteteza maso, n'kuuza Bi kuti asuzumire.

"Lili ndi kadontho kakuda," anatero Bi. "Galasi lanu lada."

"Kali padzuwa pomwepo, Bi. Kadontho kameneko n'kakakulu kuposa dziko lathu lonse."

Bi anasuzumiranso. Kenako, diso lili pamakina, anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye tonsefe tingakwane mmenemo? Ndi Garut yemwe?"

"Malo n'kutsala."

Anayang'ana mpaka alendo ena amene anali pamzere anayamba kutsokomola dala. Ine ndinangosuzumira kamphindi. Pobwerera tinagula mkaka ndi tahu, timagawo ta soya tokazinga, m'mbali mwa msewu, ndipo Bi anagona m'galimoto kukamwa kuli yasa, pepala la tsabola lili m'manja.

Pano ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu. Mwana wawo, amene ndi namwino, wakhala akuwachonderera kuti apume, ndipo atakambirana miyezi ingapo anagwirizana zoti azitseka Lachitatu lokha. Manja akadali olimba, koma maso ndiwo afooka. M'mawa uliwonse ndisanatsegule benchi langa ndimawalowetsera ulusi m'singano zisanu, n'kuzibaya pa kansalu pambali pawo. Amati ndimachedwa.