Malaya Oyera a Jairos Sakala

Aliyense amene anadyapo pa loji ija ya m'mbali mwa Luangwa amawakumbukira a Jairos Sakala, ngakhale dzina ataliiwala. Ndi aja aatali, owonda, obwera ndi tiyi atavala malaya oyera mbee ndi buluku lakuda la mzere woti ungadulire phwetekere. Zaka khumi ndi chimodzi akhala akuperekera zakudya pamenepo, ndipo palibe mlendo anaonapo dontho la thukuta m'khwapa mwawo. Ena ankaganiza kuti amagona pa loji pomwepo, mwinanso m'firiji.

Chonsecho kwawo n'kutali, kupitirira Kawaza, makilomita khumi ndi anayi a msewu wafumbi, ndipo galimoto yawo ndi njinga yakuda imene inaona zambiri. Amene sanapalasepo njinga m'chigwa muno mwezi wa Okutobala asatsutse zimene sakuzidziwa. Dzuwa limatuluka litakwiya kale. Fumbi limalowa m'makutu, m'mano, mpaka m'malo osatchulika. Akashembe, ntchentche zoluma zija, amakuperekeza osawapempha. Ndiye pali magalimoto a maloji, onyamula alendo kuchokera ku bwalo la ndege la Mfuwe, amene amakudutsa n'kukusiya ukutsokomola, alendo akukugwedezera manja mwachikondi kwambiri.

Nanga munthu angafike bwanji ku ntchito ali woyera? Apa ndi pamene pali nzeru za a Jairos, ndipo kukanakhala kuti nzeru zotere zimakhala ndi satifiketi, bwenzi khoma la kwawo litadzaza.

Ntchitoyo imayambira kwa akazi awo, a Felister. Malaya oyera alipo awiri, osinthanasinthana. Mayiwo amachapa amodzi m'mawa, kuwayanika kumene mbuzi sizifika, n'kuwasita ndi simbi yamakala mpaka zala zinachita zipsera. Akatero amawapinda pamodzi ndi buluku, kuwaika pakati pa makatoni awiri kuti asakwinyike, n'kulowetsa zonsezo m'pepala lapulasitiki. Mtolo umenewo umamangidwa pakaliyala ndi mphira. Nsapato zimalendewera m'kachikwama kuchiwongolero, pamodzi ndi chigubu cha madzi, kasopo ndi kathawulo.

Panjira a Jairos amavala zina: sikipa yachikasu imene analandira pa msonkhano wa alimi a thonje kalekale, yobooka paphewa, buluku lodula m'mawondo, mapatapata, chipewa chamlaza ndi kansalu kotseka mphuno. A Felister amaitcha sikipayo chisanza, ndipo anaika lamulo loti isaoneke m'mudzi. Choncho bambowo amachoka kukungocha, kudzera kanjira ka kuseri kwa minda. Pobwera madzulo amaima kunja kwa mudzi, kuvalanso zoyera zija, n'kulowa akukankha njinga ngati mlendo wochokera ku boma. Kumjigo amayi ankanena poyera kuti pa nkhani yosamala mwamuna, amake Lillian alibe mnzawo. A Felister ankakana ndi pakamwa, koma khosi limatalika.

Bafa la a Jairos ndi kuseri kwa chulu china, pansi pa mvunguti, kamtunda pang'ono usanafike pageti ya loji. Kumtsinje sangayerekeze, poti ng'ona sizidziwa kuti munthu ali pa shifiti. Amasamba diso limodzi lili m'mwamba, chifukwa chipatso cha mvunguti chikakugwera pamutu maliro ake amachititsa manyazi. Akasamba savala msanga. Amati thukuta la njinga silitha ukatsika, limakulondola, choncho amaima kaye chilili, manja atatambasula, mpaka thupi litazizira. Mafuta amadzola pang'ono chabe, popeza mafuta ndi fumbi ndi pachibale. Kamtunda kotsalako amayenda wapansi, pang'onopang'ono ngati mkwatibwi.

Koma ukhondo sudyedwa. Mvula ikayamba mu Novembala alendo amachepa, ndipo antchito ambiri amauzidwa kuti akapume kunyumba mpaka Epulo. Kupuma n'kwabwino kwa amene ali ndi chimanga m'nkhokwe. Munda wa a Jairos njovu zinakolola zaka ziwiri zotsatizana, ndipo dzinja latha banja lonse linakhalira mango owiritsa. Bambowo ankaopa Novembala kuposa mmene amaopera njovuzo.

Ndiye chaka chino manijala wa loji, Madamu Millicent wa ku Lusaka, anasonkhanitsa antchito n'kulengeza zachilendo. Akuti kuli alendo ena kunjako amene akufuna kubwera nthawi ya mvula kudzapalasa njinga m'midzi. Anthu osiya magalimoto kwawo, kukwera ndege usiku ndi usana, kudzalipira kuti avutike! Pakufunika munthu mmodzi wowatsogolera, ndipo ameneyo sapita kokapuma, agwira dzinja lonse. Chithunzi chake chidzaikidwa pa zotsatsa malonda, motero wosankha adzakhala katswiri wojambula amene akubwera Lachinayi.

A Jairos anaona kuti Mulungu wayankha. Wodziwa njinga kuposa iwo ndani? Waukhondo kuposa iwo ndani? Wopikisana naye anali Eugene Mbewe yekha, mnzawo woperekera zakudya, bambo wa mimba yake amene amapalasa njinga atavaliratu yunifomu n'kufika kolala ili ngati yapukutira mphika. Eugene anali atalandira kale makalata atatu omuchenjeza za uve. Pamenepo a Jairos sanaone mpikisano.

Lachinayi lija a Felister anasita malaya kawiri. Panjira galimoto ya loji yochokera ku bwalo la ndege inawadutsa pang'onopang'ono modabwitsa, koma iwo anangokweza kansalu kamphuno n'kuyang'ana kumbali, monga mwa masiku onse. Kuseri kwa chulu anasamba mpaka chigubu chinauma.

Cha m'ma teni antchito anafoletsedwa pabwalo. Wojambulayo anali mzungu wandevu, wovala buluku long'ambika m'mawondo, limene akuti analigula lili choncho, pa mtengo wokwera. Atafika pa a Jairos sanachedwe. Anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukolala, n'kuuza Madamu m'Chingerezi kuti uyu akuoneka ngati wa ku banki. A Jairos anamva bwinobwino, ndipo poyamba anayesa kuti ayamikiridwa. Anazindikira pamene mzunguyo anaima nthawi yaitali pa Eugene, akusirira kolala ija.

Komabe mzunguyo sanakhutire. Anatulutsa kamera n'kuonetsa Madamu chithunzi chimene anajambula m'mawa womwewo ali m'galimoto. Akuti munthu weniweni wa m'chigwa ndi uyu, ndipo akufuna ameneyu. Madamu ananyamula kamerayo n'kuyenda nayo pamzere kuti aliyense aone.

"Ndani amudziwa uyu munthu?" anafunsa. "Ngati sapezeka pofika fotini awazi masana ano, titenga Eugene."

Pachithunzipo panali munthu wa sikipa yachikasu, chipewa chamlaza, nkhope yobisika m'kansalu, akutuluka m'fumbi dzuwa lili kumsana. Pakaliyala panali mtolo wa makatoni awiri. Mtolo umenewo panalibe wantchito wosaudziwa. Ophika anayang'ana pansi. Alonda anayamba kuchita chidwi ndi mitambo. Eugene yekha ndiye anapukusa mutu mwamphamvu, kunena kuti munthu wotero sanamuonepo chibadwire, mwina ndi wodutsa wa ku Msoro.

A Jairos anadzizindikira okha pachithunzipo. Zaka khumi ndi chimodzi akhala akumubisa munthu ameneyu kuseri kwa chulu, lero ndiye akufunidwa ndi mabwana. Anaganiza zokhala chete, n'kupita kokapuma ndi ulemu wawo wonse. Kenaka anakumbukira fungo la mango owiritsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Ndine, Madamu."

"A Sakala, ino si nthawi ya nthabwala," anatero Madamu. "Inu ndi uyu simufanana ngakhale pang'ono."

Panalibe njira ina. Anapita kuseri kwa khitchini kumene amaimika njinga, navula malaya oyera n'kuwapinda bwino pakati pa makatoni. Anabwera akukankha njinga, atavala chisanza chija, mawondo ali pamtunda, pamaso pa anthu amene akhala akuwadzudzula za ukhondo chaka ndi chaka. Palibe anaseka, ndipo zimenezo n'zimene zinawawawa kwambiri. Mzungu uja anawomba m'manja ngati waona kambuku.

Masana onse anathera pamsewu. Galimoto inkapita patsogolo kukadzutsa fumbi, a Jairos akupalasa pambuyo pake, kansalu kamphuno atachotsa chifukwa akuti dziko likufuna kuona mano awo. Anabwereza kasanu ndi kawiri. Pomaliza Madamu, yemwe uja wolemba makalata a uve, anawauza kuti ntchito ndi yawo, sikipayo ndiyo yunifomu tsopano, ndipo asamaichape pafupipafupi.

Kunyumba a Jairos ananena theka la nkhani. Anati asankhidwa, dzinja lino sapuma, ndipo chithunzi chawo chidzaikidwa pagalimoto ya loji. Za chovala sanatchule. A Felister analulutira, napha nkhuku. M'mawa mwake kumjigo kunalibe amene sanamve kuti atate ake Lillian apambana anzawo onse chifukwa cha ukhondo, ndipo aliyense adzadzionera yekha galimotoyo ikamadutsa. Bambowo ankamva zonsezi, n'kumangoti adzafotokoza mawa. Mawa lake silinafike.

Patapita masabata atatu galimoto inadutsadi, ikupita ndi alendo m'midzi ya kupitirira Kawaza, ndipo dalaivala anaima pafupi ndi mjigo kuti alendowo ajambule amayi akutunga madzi. Pachitseko chonse panali a Jairos, aakulu kuposa mmene alili, akumwetulira, fumbi lili m'nsidze, phewa likusuzumira pachibowo cha sikipa. Pansi pake panalembedwa dzina lawo ndi zilembo zoti ngakhale wosapita kusukulu angafunse mnzake.

Mjigo unaleka kulira. Kenaka a Harriet, mkulu wa amayi a kutchalitchi, anamasula nsonga ya chitenje, natulutsa kachidutswa ka sopo kamene anabwera nako kudzachapira. Anakapereka kwa a Felister ndi manja awiri, nati pa umoyo pamakhala zovuta, munthu asamachite manyazi kupempha. Chifundo china n'choposa mbama.

A Jairos pofika madzulo, atavala zoyera monga mwa lamulo, anapeza akazi awo atakhala pakhonde, ndowa ili pambali yopanda madzi.

"Mwaswera bwanji, amake Lillian?"

"Ndaswera bwino. Ndakuonani pagalimoto."

Bambowo anatsamiritsa njinga pakhoma mosamala kwambiri, ngati kuti ingasweke. Anayamba kufotokoza za mzungu, za Eugene, za njovu ndi za miyezi isanu ya njala imene aipewa. Zonse zinali zoona, ndipo a Felister sanatsutse ngakhale chimodzi. Anangotambasula manja awo kuti zipsera zioneke.

"Zaka ileveni ndikupsa zala, atate ake Lillian. Lero chigwa chonse, mpaka azungu akunja, aona mwamuna wanga ngati wopanda mkazi. Ntchito mwaipeza, zikomo, tidya. Koma ine kumjigo sindipondako mpaka galimoto ija itagwa m'Luangwa."

A Felister sanena mawu kawiri. Choncho kuyambira tsiku limenelo wotunga madzi pakhomopo ndi a Jairos. Amalawirira kumjigo ndi zigubu ziwiri panjinga, atavala chisanza chomwe chija, poti palibenso chobisa, n'kuima pamzere pakati pa amayi amene amawapatsa moni waulemu wopitirira muyeso. Eugene ali kwawo, akupuma, ndipo akuti akunenepa.

Mvula inabweradi, fumbi linatha, panadzuka makande, dothi lija lomata limene limagwira tayala mpaka njinga uisenze ndiwe. Walira mvula walira matope. Tsiku lina la mu Disembala a Jairos anatula madzi kunyumba mochedwa, nagwa kawiri panjira, n'kufika pageti matope ali mpaka m'khutu, patapata imodzi ili m'manja. Alendo anayi anali akudikira ndi njinga zawo zonyezimira, ndipo atangowaona anatulutsa mafoni. Madamu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nkhope yake ikuwala.

"A Sakala, lero ndiye mwaoneka bwino. Muzibwera chonchi."

A Jairos anathokoza, nawerama pang'ono. Mawu amenewo anawadikira zaka khumi ndi chimodzi, kwa mamanijala anayi osiyanasiyana.